Ulusi Wofiira Pansi pa Kolala

1

Ngati munakhalako ku Rokimbi zaka zitatu zapitazo n'kumatsegula wailesi Loweruka m'mawa, mawu anga mukuwadziwa. Ndine uja muulutsi wathu Fudia ankati akangomva kutsokomola kwanga pafoni, ankayamba kuseka asanandipatse n'komwe moni.

"Afika a Santigie Kalokoh, telala wa pamsika! Lero mwatisokera chiyani, bambo?"

Ine, chitsiru cha munthu, ndinkakonza kaye kolala ngati kuti anthu akundiona, kenaka n'kuyamba kuyalutsa mkulu wa apolisi a khonsolo yathu.

Mkuluyo anali Komanda Alimamy Thullah. Analinso mlamu wanga, mchimwene wake wa mkazi wanga Yeabu, bere limodzi. Ndi iyeyo amene anandiikira kumbuyo pamene ndinkafunsira mbeta ndilibe ngakhale makina angaanga, abale ena onse akundinyogodola.

Za maonekedwe anga musavutike nazo. Ndine wamfupi, magalasi anga ndi okhuthala ngati pansi pa botolo, ndipo phewa langa lakumanzere n'lotsika, moti malaya ogula osokasoka amandikhala ngati obwereka. Koma pamakina musandiyese. Chovala chilichonse chotuluka m'manja mwanga ndimachiikira chizindikiro, timfundo titatu ta ulusi wofiira pansi pa kolala, pamene diso silifika. Yeabu ankandiseka nazo zimenezi.

"Matama basi, bambo a Ramatu. Pansi pa kolala mukusainira ndani, nsabwe?"

Nkhani zanga pawailesi zinali zomwezomwezo sabata ndi sabata, koma anthu sankatopa nazo. Khonsolo itaganiza zolemba apolisi atsopano makumi atatu oti aziyang'anira msika ndi akabaza a njinga zamoto, Komanda anadzazamo ana a alongo a makhansala ndi adzukulu a mafumu. Maphunziro amene amayenera kutenga miyezi itatu anawadula n'kukhala masiku khumi ndi awiri, chifukwa kunkabwera nduna kudzatsegula depoti yatsopano ndipo khonsolo inkafuna anyamata oti aziguba. Masiku onsewo anathera pabwalo la mpira, kuguba ndi mipini ya matsache paphewa. Nanga yunifolomu? Anakagula kulikulu mtolo umodzi, saizi imodzi, moti anyamata ena akanatha kulowa awiri m'thalauza limodzi n'kutsalabe malo a mbuzi.

Zonsezi zinali zoona, ndipo muzisunge zimenezo pamene mukuwerenga. Bodza langa silinali m'zimene ndinkanena.

2

Ndikatsika pawailesi ndinkalunjika kwa mkulu wina wotchedwa Pa Morlai, pamene amuna a pamsika timamwera ataya, tiyi wathu wowawa uja wa m'timatambula tating'ono. Kumeneko ndinkalandiridwa ngati ndachokera kunkhondo.

"Mpatseni mpando loya wa singano!" anatero Pa Morlai tsiku lina, akutsanula tiyi kuchokera m'mwamba kuti achite thovu. "Koma Santigie, pali chimodzi chimandidabwitsa. Onse wawatchula, mwana wa khansala wakuti, mdzukulu wa mfumu yakuti. Bwanji kamnyamata ka pamlatho kaja sukatchula? Ndiye mutu wa zitsiru zonse amene uja!"

"Sheka Conteh!" anafuula wina wogulitsa matayala. "Dzana anaimitsa ngolo ya bulu n'kumafunsa buluyo laisensi."

Anthu anaseka mpaka kutaya tiyi. Inenso ndinaseka, mwinanso kuposa onse.

"Abale, ine ndimamenya njoka kumutu," ndinatero. "Zamchira ndakusiyirani inu."

Anandiombera m'manja chifukwa cha nzeru zimenezo, koma tiyi wa tsiku limenelo ndinamusiya m'katambula.

Kunyumba kunalibe wondiombera m'manja. Ndinapeza Yeabu akusinja chigwada, ndipo kamenyedwe ka munsi kanandiuziratu kuti wailesi anaimvera.

"Achimwene anakulakwirani chiyani, bambo a Ramatu? Dzulo kumpopi azimayi amandifunsa ngati mumadyera limodzi pa Eid. Ine ndiziyankha chiyani?"

"Choonadi sichiona chibale, mayi a Ramatu."

"Choonadi chake chiti? Tauni yonse ikudziwa kuti mukulira yunifolomu. Sanakupatseni ntchito yosoka, ndiye mwasanduka mneneri."

Anthu onse ankaganiza chomwecho, kuti ndi nsanje ya telala womanidwa ntchito, ndipo ine ndinkakondwa kuti aziganiza chomwecho. Kuli bwino kutchedwa wansanje.

3

Lachiwiri lina masana, mthunzi unatseka khomo la shopu yanga. Nditakweza maso ndinaona mimba, kenaka lamba, kenaka Komanda yense. Anali munthu wamkulu thupi, wolankhula pang'onopang'ono ngati mawu amachita kugula. Anavula chipewa n'kukhala pabenchi ya makasitomala, benchiyo n'kulira.

"Alamu, batani ili lathothoka."

Ndinatenga singano. Ndasoka mabatani zaka makumi atatu, koma tsiku limenelo ulusi unakana kulowa kanayi konse.

"Ndimakumverani Loweruka lililonse," anatero akuyang'ana kunja. "Mumalankhula bwino. Za masiku khumi ndi awiri zija simunama. Ndinawauza a khonsolo kuti n'zosatheka, iwo anati ngati sinditha abweretsa wina wotha. Ndinachita mantha, ndinavomera. Nditsale miyezi yochepa kuti ndipume pantchito, ndikanganenso ndi andale? Ndinalakwa pamenepo."

"Ndiye mwabwera kudzanditseka pakamwa?"

"Ayi." Anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso. "Ndabwera kudzafunsa. Kola wanu uja ndinamuluma, Santigie. Panga pakamwa ndinatseka, ndipo sipadzatseguka. Nanga inu mukulumiranji ine?"

Kwathu kuno, ukasenza mtedza wa kola wokulunga m'tsamba n'kukagwada nawo pamaso pa wamkulu, iye n'kuuswa n'kuluma, basi nkhani yako yasanduka yake. Sangaibweze, ndipo sangaiulule ngakhale kwa mkazi wake. Mwana aliyense wa ku Rokimbi amadziwa zimenezo.

Ndikanagwada pomwepo n'kupepesa. M'malo mwake ndinadula ulusi ndi mano n'kunena mwamatama kuti, "Zimene ndimalankhula pawailesi ndi za dziko, alamu. Musasakanize ndi za m'banja."

Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. Anavala chipewa, n'kusiya ndalama ya batani patebulo, chinthu chimene anali asanachitepo.

Mukufuna kudziwa chimene ndinkamudera munthu ameneyu? Ankandidziwa. Tikakhala pamphasa imodzi kudya mpunga, iye akangondiyang'ana, ndinkamva ngati ndakhala pagulu wosavala. Munthu amene wakuchitira chifundo pa chinthu chochititsa manyazi n'ngovuta kumukhululukira.

4

Pamlatho wolowera m'tauni apolisi a khonsolo amamanga chingwe chokolekamo nsanza. Mbali imodzi amachimanga kumtengo, mbali inayo wapolisi amagwira m'manja. Akachigwetsa pansi, galimoto imadutsa. Akachikoka, imaima. Wapolisi aliyense wophunzira bwino amadziwa kuti njinga yamoto ikayandikira sukoka chingwe, umaimba kherere n'kuisiya ipite, mwiniwakeyo ukamupeza kudepoti. Koma zimenezo amaphunzitsa mwezi wachiwiri, ndipo anyamata athu anathera pa tsiku lakhumi ndi chiwiri.

Linali Lachinayi, tsiku la msika waukulu. Gibrilla, wakabaza wa ana atatu, ankatsika mtunda atanyamula mayi wina ndi dengu la mazira. Pachingwe panali Sheka. Iye anaona ngati njinga ikadali patali, anakoka.

Chingwe chinamukola Gibrilla pachifuwa. Mayi uja anagwera m'udzu n'kungosupuka, koma Gibrilla njinga inamugwera pamwendo n'kuuthyola pawiri. Akabaza anzake anafika ngati njuchi. Anamugwira Sheka, kumumenya, kumung'ambira malaya, ndipo akanamuponya mumtsinje pakanapanda azimayi ogulitsa nsomba amene anamugonera pamwamba.

Uthenga unandipeza ndikudula nsalu ya ukwati wa eni. Ndinasiya sizasi pakati pa nsalu n'kuthamanga. Ine amene ndimapuma kawiri pokwera masitepe a mzikiti, ndinathamanga mpaka kuchipatala osaima. Pakhomo ndinakumana ndi Pa Morlai.

"Ha, Santigie! Thukuta lonseli? Gibrilla ndi m'bale wako?"

"Ndi nzika inzanga," ndinatero ndikupuma mwawefuwefu.

"Ndiye walakwitsa chipinda. Gibrilla ali uko. Muno muli kapolisi kaja."

"Maso angawa, Pa Morlai. Mukuwadziwa."

Loweruka lotsatira ndinalumbira kuti foni sindiigwira. Koma inalira yokha. Anali Fudia.

"Bambo Kalokoh, tauni yonse ikudikira inu. Munanena kale kuti zidzachitika. Lero mukuti bwanji?"

Kalanga ine! Munthu wanzeru akanati akudwala chimfine. Koma mawu akuti "tauni yonse ikudikira inu" anandilowa ngati kachasu. Ndinalankhula mphindi makumi awiri osameza malovu. Ndinati magazi a Gibrilla ali m'manja mwa Komanda. Ndinati khonsolo ikhazikitse komiti, itsegule mafayilo onse, tione kuti wapolisi aliyense analowa ndi dzanja la ndani. Ndinabwereza katatu kuti mafayilo onse.

Nditadula foni ndi pamene mutu unayamba kugwira ntchito.

5

Khonsolo inandimvera. Kwa zaka zonsezi inali isanamverepo munthu, koma inasankha kuyambira pa ine.

Komiti inatsogozedwa ndi Mayi Fofanah, mphunzitsi wamkulu wopuma, mayi woti akakuyang'ana pamwamba pa magalasi umakumbukira machimo a ku pulayimale. Anatsegula mafayilo. Anyamata makumi awiri mphambu asanu ndi anayi anali ndi makalata a owabweretsa, ndipo makhansala anayamba kudwala mmodzimmodzi. Koma fayilo ya Sheka Conteh inalibe kalata. Munali kapepala ka namwino konena kuti mnyamatayu walephera mayeso a maso, ndipo pansi pake panali dzanja la Komanda mwini: "Alembedwe."

Mphekesera inayenda msika wonse kuti Komanda anagulitsa malowo. Mayi Fofanah ananena poyera kuti akatchula amene anamukakamiza, komiti imudzudzula chabe n'kumulola apume mwaulemu ndi penshoni yake. Akakana, achotsedwa ngati wakuba, chimanjamanja. Munthu anali atagwira ntchito zaka makumi atatu ndi chimodzi, kutatsala miyezi isanu.

M'mawa wa tsiku lozenga nkhaniyo Yeabu anandisitira mkanjo wanga woyera, poti ndinali mboni yoyamba. Ankasita akulira mwakachetechete, misozi n'kumagwera pansalu, iye n'kumaipsereza ndi simbi.

"Dzulo ndinapita kwa achimwene," anatero. "Ndinawagwira miyendo. Ndinati tchulani munthuyo, muli ndi ana asukulu. Mukudziwa anandiyankha chiyani? Anati, 'Mlongo wanga, pita ukaphikire amuna ako.' Akuteteza ndani, bambo a Ramatu? Ndi munthu wamtundu wanji amene angaone mnzake akumira chifukwa cha iye, n'kumangoyang'ana?"

"Anthu ndi oipa, mayi a Ramatu," ndinatero ine.

Ndinanenadi mawu amenewo, ndi pakamwa pomwepa, ndikumanga mabatani a mkanjo umene iye anandisitira.

6

Holo ya khonsolo inadzaza mpaka ena kukwera m'mawindo. Akabaza anakhala mbali imodzi, Gibrilla ali kutsogolo ndi mwendo wa pulasitala. Komanda anakhala yekha pampando, chipewa chili pabondo. Pakona panali Sheka, diso limodzi lotupa, atavala sikipa yobwereka. Patebulo la komiti panali chingwe chija ndi malaya ake ong'ambika, ngati umboni.

Nditaitanidwa, mantha onse anathawa. Ndi matenda anga amenewo, ndikaona gulu ndimachira. Ndinayala nkhani ya mipini ya matsache, anthu anaseka. Ndinayala ya thalauza lolowa anthu awiri, anaseka mpaka Mayi Fofanah anamenya tebulo. Ndinamaliza ndi mawu amene ndinawakonza sabata yathunthu: "Mtsogoleri wolemba ntchito poyang'ana nkhope, mawa adzaika maliro osayang'ana nkhope!" Tanthauzo lake sindilidziwa mpaka lero, koma m'manja munaombedwa.

Kenaka anaimiritsa Komanda.

"Bambo Thullah, anakubweretserani mnyamatayu ndani?"

"Ndinamulemba ndine, mayi."

"Sindinafunse zimenezo. Anamubweretsa ndani?"

"Ndinamulemba ndine."

"Ndikufunsani komaliza. Mukudziwa chimene mutaye?"

Komanda sanandiyang'ane. Akanandiyang'ana mwina ndikanaimirira. Anangoyang'ana chipewa chake n'kunena kuti, "Ndikudziwa, mayi."

Ine ndinali pampando wachiwiri kutsogolo, manja ali pamimba, ndikuwerenga malata a denga. Mbewa ya manyazi inafera kudzenje, koma ine ndinali wokonzeka kuti kudzenjeko afereko wina.

Mayi Fofanah analamula kuti tipume pang'ono komiti ikambirane. Yeabu anadzuka ndi botolo la madzi kupita kwa mchimwene wake. Njira yake inadutsa pafupi ndi tebulo. Tsono mkazi wa telala ali ndi chizolowezi chimodzi chimene sangachisiye ngakhale pamaliro: akaona chovala, dzanja limapita lokha kukaona kasokedwe.

Ndinamuona akuima. Ndinamuona akunyamula malaya aja, kuwatambasula, kupapasa phewa lakumanzere pamene panali kansalu kokwezera. Kenaka anatembenuza kolala.

Atatembenuka, mawu ake sanali okwera, koma holo yonse inamva.

"Bambo a Ramatu. Yunifolomu zonse zinachokera kulikulu, saizi imodzi. Mwanena nokha pompano, anthu n'kuseka. Nanga iyi ulusi wofiira yautenga kuti?"

"Mayi a Ramatu, mwina mnyamatayo anabwera kushopu, makasitomala ndi ambiri, sindingakumbukire..."

"Zaka makumi awiri ndi zisanu ndakhala ndikusita malaya anu. Phewa lokweza chonchi mumasokera munthu mmodzi yekha m'tauni muno."

Anabwera pamene ndinakhala. Ndinkayesa andimenya mbama, ndipo ndikanathokoza. Koma anangotambasula dzanja n'kundivula magalasi. Dziko lonse linasanduka chifunga. Ndinangomva mapazi ake akupita kukona kuja, kenaka mawu ake ofatsa: "Dzutsa mutu, mwanawe."

Chimene chinachitika sindinachione, ndinachimva. Holo yonse inakoka mpweya nthawi imodzi. Kenaka mawu a Pa Morlai kuchokera pawindo: "Mayo ine! Ndi Santigie wachiwiri!"

"Ukuona bwino tsopano?" anafunsa Yeabu.

"Eya, mayi."

"Unalibe magalasi ako?"

Mnyamatayo ananena motsitsa, ngati akupepesa: "Ndinali nawo, mayi. Ali m'dirowa ya makina a bambo Kalokoh. Anati ndisamavale muno m'tauni."

7

Ndiye chinsinsi changa chimenecho, ndipo ndinachiulula ndili chiimire pakati pa holo, wosaona, ndikulankhula kwa zithunzithunzi.

Sheka ndi mwana wanga. Mayi ake, Mabinty, ankagulitsa mtedza wokazinga m'tauni ina kumene ndinkakagula nsalu, Ramatu wathu akadali wakhanda. Ndinkatumiza kangachepe mwakabisira, n'kumadzitcha munthu wosamala. Mabinty atamwalira, mnyamatayo anatulukira pashopu panga ndi kajumbo ka zovala, magalasi ali pamphuno. Nditamuona ndinangoti ndadziona pagalasi. Kumuika pamakina sikukanatheka, Yeabu akanamuzindikira asanakhale n'komwe pansi. Ndiye ndinamulanda magalasi, ndinamupezera kachipinda kuseri kwa depoti, ndinagula kola woyera wabwino kwambiri, n'kukagwada kwa mlamu wanga.

Komanda analira tsiku limenelo. Anati, "Mlongo wanga akamva, mtima wake usweka." Analuma kola chifukwa cha Yeabu, osati chifukwa cha ine. Namwino atamubweza mnyamatayo, ndinamuuza Komanda kuti ndi vuto laling'ono, ndimugulira magalasi. Anandikhulupirira. Ntchito ya yunifolomu anandimana dala kuti anthu asatione tili pafupi.

Nanga malaya aja? Tsiku loguba pamaso pa nduna ndinamuona mwana wanga akusambira m'chimalaya cha kulikulu, phewa limodzi lili lende. Kumutchula kuti mwana wanga ndinalephera. Kumubwezera maso ake ndinalephera. Koma kuti magazi a Santigie Kalokoh ayende m'tauni ndi malaya osamukhala, zimenezo ndiye sindikanapirira! Ndinawaphwasula onse n'kuwasokanso, ndipo pomaliza dzanja linachita zimene limachita nthawi zonse. Timfundo titatu.

Mukuganiza kuti kuulula kwanga kunamupulumutsa Komanda? Ayi ndithu. Kunamuchotsera dzina la wakuba basi. Mayi Fofanah anati ndatchula ndine, mwiniwake sanatchule, ndiponso kulemba munthu wosaona chifukwa cha chibale n'kumuimika pamsewu si kulakwa kongodzudzula. Anachotsedwa tsiku lomwelo, penshoni n'kupita. Makhansala aja anachira onse sabata yotsatira. Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu.

Potuluka anaima pafupi nane. Ndinamuzindikira ndi kukula kwa chithunzi chake.

"Zonse munkanena pawailesi zinali zoona, alamu," anatero. "Munangosiya dzina limodzi."

8

Papita zaka zitatu. Apolisi atsopano a khonsolo tsopano amaphunzira miyezi itatu yathunthu, ndipo ena amati ndi chifukwa cha ine. Ndikamva zimenezo ndimafuna kulowa pansi pa makina. Gibrilla amayenda chotsimphina, njinga anaisiya, amagulitsa mafuta m'mabotolo pafupi ndi mlatho womwewo. Ana ake ndimawasokera yunifolomu za sukulu ulere, ndipo amalandira osandiyang'ana. Komanda amalima chinangwa kumunda wa malemu bambo ake. Kuwailesi sindinaimbenso foni. Fudia anayesa kawiri, ndinati ndili ndi chimfine.

Yeabu sanandisudzule. Anati chisudzulo n'chopepuka. Tsiku lomwe lija anapita kushopu, anatsegula dirowa, anatenga magalasi a Sheka n'kumuveka, kenaka anamugwira mkono n'kuyenda naye msika wonse kuyambira kwa ogulitsa nsomba mpaka kwa Pa Morlai, kuti aliyense aone bwinobwino. Lero Sheka amagona m'chipinda chimene chinali changa, amathandiza Komanda kumunda, ndipo Ramatu amamutcha achimwene. Ine ndimagona kushopu, pabenchi ya makasitomala. Chakudya chimabwera masana aliwonse, chotentha, chokoma, chopanda uthenga.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, sindikuuzani kuti muleke kudzudzula akuluakulu. Adzudzuleni, ambiri amayenera, ndipo mlamu wanga analakwadi. Koma musanatsokomole pafoni, tsegulani kaye dirowa yanu muone zimene munabisamo. Ndipo mukamva munthu akufuula kwambiri za ana a eni olowa ntchito pakhomo lakuseri, mufunseni mwaulemu kuti ake ali kuti.

Lachisanu lililonse tikatuluka mumzikiti ndimagula kola woyera, ndimamukulunga m'tsamba, n'kutumiza kwa Komanda kupempha kuti andilole ndikagwade. Loweruka m'mawa, nthawi yomwe ija ndinkakhala pawailesi, kola amabwerera. Amabwera naye ndi Sheka. Amaima pakhomo ndi phewa langa, magalasi anga, nkhope yanga yonse, n'kuika kamtoloko pamakina, tsamba lake losamasula.

Sabata yatha ndinalimba mtima ndinamufunsa. "Sananene kanthu, mwana wanga?"

Anakonza magalasi ndi chala, mmene ndimachitira ine.

"Akuti mano awo anathera pa kola woyamba uja, a Kalokoh."